Chitini Chobiriwira cha kwa Wubbema

Pepala lomwe anamuikira patsogolo linali ndi mizere isanu ndi umodzi yokha, koma Harm Doornbos analiwerenga kawiri, chala chikutsata liwu ndi liwu. Linkati iye, wosunga nkhokwe ya mapaketi pa fakitale ya mabisiketi ya Wubbema, akuvomera kuti anapereka chinsinsi cha kampani kwa opikisana nayo, ndipo akusiya ntchito mwa kufuna kwake. Akangosaina, nkhani ya kupolisi izizira.

"Sindisaina," anatero, n'kulikankhira kumene linachokera.

Mayi Aukje Wubbema, eni fakitale, anavula magalasi n'kudzisisita m'maso. Harm anawadziwa akadali kamtsikana koba shuga m'matumba a bambo awo. Tsopano anali ndi imvi, ndipo ankayang'ana khoma m'malo moyang'ana iye.

"Harm, zaka makumi anayi ndi chimodzi. Sindikufuna kuti zithere kukhoti."

"Ndiye musazipititseko."

"Kamera ya pachipata inakuona, madala," analowerera Floris Hagedoorn, mkulu wotsatsa malonda. "Pa 14 Meyi, chitini chili m'khwapa. Apolisi achipeza m'shedi mwako. Ukufuna chiyaninso?"

Floris anabwera chaka chathachi kuchokera kumadzulo, ndi nsapato zoyera zopanda masokosi ndi pakamwa posatseka. Aliyense ankamutchula kuti iwe, ngakhale munthu woti angamubereke. Kwa zaka makumi asanu ndi limodzi mabisiketi a Wubbema ankagulitsidwa m'pepala lofiira, pa shelefu ya pansi penipeni, pomwe amawerama ndi okalamba ndi amayi a ana ambiri. Floris anati uko n'kudzipha. Anati anthu sagula bisiketi, amagula Lamlungu masana. Bisiketi ikhale yomweyo, ufa womwewo, koma ilowe m'chitini chobiriwira chokhala ndi mzere wagolide, zichepe m'kati, mtengo ukwere katatu, ndipo chikhale pa shelefu yoyang'anizana ndi maso. Harm ataimva nkhaniyo anati kumeneko ndi kuba kovala tayi. Anainena m'kantini, anthu akumva, ndipo lero inali kumubwerera.

Chitinicho chinayenera kutuluka mu Okutobala. Koma sabata yoyamba ya Seputembala kampani ya Lammertink, yomwe yakhala ikulimbana ndi Wubbema kuyambira kale, inadzaza masitolo ndi chitini chobiriwira cha mzere wagolide. Shelefu ya pamaso inapita.

"Chitini ndinatenga, sindikukana," anatero Harm. "Paketi iliyonse yatsopano ndimatengapo imodzi. Anandituma ndi malemu bambo anu, mayi, kuti fakitale ikadzapsa padzakhale potengera. M'shedi muja muli mapaketi onse kuyambira 1983. Inu mukudziwa."

"Zinalembedwa pati?" anafunsa Floris.

"Nthawi imeneyo munthu akanena chinthu chinkakhala chonenedwa."

Mayi Wubbema anapinda pepala lija n'kuliika m'kabati. "Mpaka Lachisanu masana, Harm. Ukapanda kusaina, ndiwasiya apolisi apitirize. Makiyi siya patebulopo."

Anawasiya. Sanawaponye, ngakhale dzanja linkafuna.

* * *

Lachiwiri m'mawa anapalasa njinga kupita kusitolo yaikulu ya m'tauni. Ankafuna aone ndi maso ake chinthu chomwe akuti anagulitsa.

Zitinizo zinali pomwe Floris ankalota, pakati penipeni, mizere inayi. Harm anaima patali kaye. Kubiriwira kwake kunali komweko, mzere wagolide womwewo, ngakhale ngala ya tirigu ya pachivindikiro. Mtima unamuwawa ngakhale chitinicho sankachikonda.

"Bambo Doornbos, ngati mwabwera kudzaba, yambirani zimenezo, mundithandiza."

Anali Kemal, woyang'anira sitoloyo, atanyamula katoni ya mpunga. Ndiye kuti tauni yonse inali itamva kale.

"Ukuseka, eti?"

"Ndikuseka zitinizo, osati inu. Amayi anga akuti munthu amene wakhala akubweza ndalama ya chenje yopitirira kwa zaka zonsezi sangabe chitini. Koma taonani nokha zomwe atibweretsera. Werengani dzina la kampani."

Harm anayang'ana. Dzina silinkaoneka. Kutsogolo kwa shelefu iliyonse kumakhala kampanda ka pulasitiki koikapo mitengo ya katundu, kotalika ngati zala ziwiri. Kampandako kanaphimba m'munsi mwa chitini chilichonse. Atanyamula chimodzi, dzina linatulukira: Lammertink, zilembo zagolide, pansi penipeni.

"Makasitomala akundifunsa kuti ndi za ndani," anatero Kemal. "Wina anaziyesa tiyi. Anthu opanga zimenezi sitolo saidziwa. Amaonera pa kompyuta, chitini chikuyandama m'malere."

Harm sankamvanso. Zitini za Wubbema zinali zikwi makumi atatu m'nkhokwe mwake kuyambira Meyi, ndipo anazinyamula ndi manja ake. Dzina linali pamwamba, pansi pa chivindikiro. Munthu wokopera chinthu amakopera chomwe waona. Bwanji awa anatenga mtundu, mzere, tirigu, zonse ndendende, koma dzina n'kulitsitsa pamalo opusa?

"Chimenechi ndigula," anatero.

"Mayuro asanu ndi limodzi. Mwalemera liti?"

"Ndipo undibwereke kampanda kamodzi."

Kemal anathothola kampanda ka pa shelefu ya zakudya za amphaka n'kumupatsa.

* * *

Ogwira ntchito onse anali atauzidwa kuti asayankhule naye. Geesje Wolthuis, yemwe walongedza mabisiketi pa lamba wa makina zaka makumi atatu, sanali munthu womuuza zotere. Lachitatu masana Harm anamupeza pamsika, pa ngolo ya nsomba zokazinga, akunyambita zala.

"Taonani chigawenga," anatero Geesje. "Wabwera kudzandibera nsomba?"

"Ndikufuna ndikufunse kanthu."

"Gula kaye zako. Sindiyankhula ndi munthu wongondiyang'ana m'kamwa."

Anagula. Anaima kuseri kwa ngoloyo pothawa mphepo, ndipo Harm anatulutsa chitini cha Lammertink m'chikwama.

"Taona pomwe pali dzina."

Geesje anapukuta chala pa malaya n'kuloza. "Pansi. Ngati zija za kumzinda wa Groningen."

"Ziti za ku Groningen?"

"Za mu Malichi, nkhalamba iwe. Zoyesera. Zinali khumi ndi ziwiri zokha, zopentedwa pamanja. Kunkhokwe kwako sizinafike, Floris anazitenga kwa ojambula pa galimoto yake, atazikulunga m'bulangete ngati makanda. Dzina anadzalikweza mu Epulo, bwana wogulira masitolo atamuseka kuti libisika. Tsiku limenelo anamenyetsa chitseko mpaka wotchi ya m'kantini inapendekeka."

"Iwe unaziona bwanji?"

"Ananditenga kuti ndikayale mabisiketi m'mbale. Akuti ndili ndi manja a chikale." Anaseka mpaka kutsamwa. "Unayamba waonapo zimenezi? Amasonkhanitsa amayi asanu ndi atatu m'chipinda, kuwapatsa khofi, n'kumawafunsa kuti chitini ichi chikanakhala munthu, akanakhala ndani. Mabwana ali kuseri kwa galasi loti iwo akuona koma osaoneka, akulemba ngati ali m'tchalitchi. Mayi wina anati chikanakhala apongozi ake. Floris analemba zimenezonso."

"Amayiwo amawatenga kuti?"

"Amasankhidwa tsiku lisanafike. Amawafunsa zaka, ana, kumene amagula zinthu. Wogwira ntchito ya zakudya kapena yotsatsa malonda saloledwa, ngakhale mlamu wako atakhala kumeneko. Koma tsiku lija kunagwa chipale, sitima zinaima. Pofika nthawi anabwera asanu okha. Floris nkhope inachita kufiira ngati paketi yathu yakale. Akuti asanu sawerengedwa, lipoti likuyenera kunena asanu ndi atatu, ndipo a masitolo akulifuna Lachisanu lomwelo apo ayi shelefu apatsa ena."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Ine ndinapita kukhitchini kukatenga mkaka. Pobwerera ndinapeza mipando yonse yadzaza."

Harm anasiya kutafuna. "Atatuwo anachokera kuti?"

"Ndinaganiza kuti sitima yafika." Geesje anamuyang'ana, nthabwala zitamuthera. "Sitima siinafike, eti? Ine ndemwe pobwerera ndinakwera basi."

"Unauza apolisi zimenezi?"

"Anandifunsa ngati ndinakuonapo ukutuluka ndi chitini. Ndinati eya, chaka chilichonse. Zina sanafunse." Anakwinya pepala la nsomba n'kuliponya m'bini. "Kumeneko kuli mayi wolandira alendo, Mayi Ramdin. Ntchentche siilowa m'nyumba imene ija iwo osailemba. Koma ukapita uvale malaya abwino, Harm. Apa ukuoneka ngati wakubadi."

* * *

Nyumba yoyesera malonda inali pafupi ndi siteshoni ya Groningen, yosanja katatu, yonunkhira khofi ndi kapeti yatsopano. Harm anafika Lachinayi m'mawa atavala jekete yomwe anaikira mkazi wake m'manda. Mayi Sharda Ramdin anali pa tebulo la pakhomo, msana uli chilili, buku lalikulu lili patsogolo.

"Dzina, kampani, nthawi yolowa," anatero asanapereke moni.

"Doornbos. Wubbema, ngati sanandichotse kale."

"Lembani Wubbema. Za kuchotsedwa si za m'buku muno."

Analemba. Kenako anafotokoza nkhani yake mosazungulira, chifukwa kunyengerera sankakudziwa. Mayiwo anamvetsera manja atawapinda.

"Bambo Doornbos, zomwe zimanenedwa m'zipinda zathu sizituluka. Limenelo ndi lamulo loyamba."

"Sindikufuna zomwe zinanenedwa. Ndikufuna omwe analowa."

"Limenelo ndi lamulo lachiwiri."

Moyo wonse wa Harm anthu a m'maofesi akhala akumutsekera zitseko ndi malamulo oti iwo okha ndiwo amawadziwa. Anatola chipewa chake.

"Chabwino, mayi. Mawa masana ndikhala wakuba. Inu malamulo anu akhala bwinobwino."

"Khalani pansi. Sindinamalize." Anayang'ana kukhonde ngati kukubwera munthu. "Pali lamulo lachitatu, loti aliyense wolowa m'gulu adzaze fomu yonena kumene amagwira ntchito. Ine ndagwira pano zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo munthu amene analiphwanya pamaso panga ndi mmodzi. Ndinamuuza kuti, Bambo Hagedoorn, fomu. Anandiyankha kuti, mayi, ine kasitomala wanga ndimamudziwa ndi maso."

"Anawatenga kuti atatuwo?"

"Awiri anawatola pamsewu, pa malo odikirira basi. Wachitatu anali atakhala pa mpando mwakhalawo, akumwa khofi. Chikhoti chabwino chaubweya, chikwama chachikopa, zaka ngati makumi anayi. Bambo Hagedoorn atangomuona anaomba m'manja. Anati, ameneyu ndiye mayi amene takhala tikumujambula pa bolodi miyezi itatu, ndi yemweyu ndendende. Anamupempha mwaulemu ngati angapatule ola limodzi kuti alawe mabisiketi. Mayiyo anamuyang'ana, anayang'ana ine, n'kunena kuti angasangalale kwambiri."

"Inu munkamudziwa."

"Ndinali nditamulemba m'buku ola limodzi m'mbuyomo. Kampani yake inabwereka chipinda cha pamwamba tsiku lomwelo, ndipo anthu awonso anachedwa ndi chipale. Kuulula kampani ina kwa inzake sindiloledwa. Ndinangoti fomu, kachiwiri. Sanandimvere." Anawongola cholembera chomwe chinali chowongoka kale. "Pamapeto pake aliyense amapatsidwa chitini kuti akakhale nacho kunyumba sabata imodzi, n'kutumiza chithunzi cha pomwe wachiika m'khitchini. Ndi mmene amachitira. Bambo Hagedoorn anamupatsa mayiyo ndi manja awiri, n'kumutsegulira chitseko."

Harm anaseka, kuseka kouma kosafika m'maso. Chinsinsi cha chaka chathunthu, choperekedwa ndi manja awiri.

"Buku ili silituluka, ndipo silijambulidwa," anapitiriza Mayi Ramdin. "Koma limakhala pano chifukwa cha ozimitsa moto, ndipo nthawi zina ndimalitsegula kuti ndione ngati masamba akale sanang'ambike. Panopa ndikupita kukathira madzi m'makina a khofi. Zimanditengera mphindi ziwiri."

Anatsegula tsamba la pa 12 Malichi n'kunyamuka. Harm anatsata mizere ndi chala. Mzere wachisanu ndi chinayi: Marit Kloosterboer, Lammertink, wotsatsa malonda, chipinda cha pamwamba. Analemba dzinalo kuseri kwa risiti ya kwa Kemal, chilembo ndi chilembo.

Mayiwo atabwerera anatseka buku osaliyang'ana.

"Ndiye mnyamatayo sakudziwa chomwe anachita," anatero Harm. "Ndi chitsiru chabe."

"Akanakhala chitsiru chabe sindikanapita kukathira madzi." Mawu awo anatsika. "Zitini za Lammertink zinatuluka Lolemba. Lachitatu lake Bambo Hagedoorn anaimba foni pano, kufunsa kuti mayi wa chikhoti uja anali ndani. Ndinati sindinganene. Anafunsa ngati a Lammertink anali m'nyumba muno tsiku limenelo. Ndinakhala chete. Kenako anati, mayi, tsiku lija tiliiwale. Kupolisi anapita liti za inu?"

"Lachisanu lake."

"Lembani nthawi yotuluka, Bambo Doornbos. Ndipo mukawauze Mayi Wubbema kuti foni ya pano ndimayankha ndine."

* * *

Lachisanu, kutatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane thwelofu, Harm anakwera masitepe achitsulo opita ku ofesi ya pamwamba. Pansi makina ankalira, fungo la batala lili ponseponse. Mayi Wubbema anali atatulutsa kale pepala lija. Floris anakhala pakona ya tebulo akugwedeza phazi.

"Wabwera ndi cholembera chako, madala, kapena ndikubwereke?"

Harm sanamuyang'ane. Anaika chitini cha Lammertink patebulo. "Mayi, chathu chija muli nacho muno?"

Chinali pa kabati. Mayiwo anachiika pambali pa chinzake. Harm anatulutsa kampanda ka Kemal n'kukaimika kutsogolo kwa zonse ziwiri.

"Werengani."

"Wubbema," anatero mayiwo. "Chinachi sichikuoneka."

"Chomwe ndinatenga ine mu Meyi ndi ichi, cha dzina pamwamba. Akanakopera changa, dzina lawo likanakhala pamwamba. Iwo anakopera cha dzina pansi. Zimenezo zinalipo khumi ndi ziwiri, mu Malichi, ndipo ine sindinazionepo n'kamodzi komwe. Funsani amene anazinyamula."

"Zangochitika," anatero Floris. "Wojambula aliyense angathe..."

"Marit Kloosterboer."

Phazi lija linasiya kugwedezeka.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Mayi Wubbema.

"Kasitomala wanu weniweni, mayi. Wa chikhoti chaubweya. Uyu anamuzindikira ndi maso, fomu osafuna. Amagwira ntchito yomwe amagwira uyu, koma kwa Lammertink. Anakhala ola lathunthu akumva mtengo wanu, shelefu yanu, mwezi wotulutsira, kenako anapatsidwa chitini kuti apite nacho kwawo." Anaika risiti ija patebulo. "Nambala ya Mayi Ramdin muli nayo. Muwafunsenso kuti ndani anaimba foni Lachitatu la sabata yatha, masiku awiri asanandinenere kupolisi."

Mayi Wubbema anatenga foni n'kupita pawindo. Anayankhula pang'ono, anamvetsera kwambiri. Floris ankayang'ana kampanda kaja ngati kamuluma.

"Ukudziwa kuti ntchito imeneyi inali yopulumutsa fakitale yino?" anatero chapansipansi. "Iwe unatsala ndi zaka ziwiri basi kuti upume pantchito. Ukanapita kwanu, nkhani n'kutha. Ine ndikagwa, dongosolo lonse lagwa, ndipo anthu onse ali pansipa agwa nalo."

"Ndiye unaona kuti nkhalamba ndi yotsika mtengo."

"Ndinaona kuti nkhani yako anthu aikhulupirira msanga."

"Pamenepo pokha ntchito umaidziwa," anatero Harm.

Mayi Wubbema anabwerera n'kukhala pansi. "Floris, pita ku ofesi yako. Usakhudze kompyuta." Floris atatuluka, mayiwo anang'amba pepala lija pakati. "Harm, ndalakwa. Ndiimbira apolisi lero lomwe kuti nkhani yatha. Lolemba ubwere kuntchito. Makiyi ako ndi awa."

Harm sanawatole. "Anthu muwauza chiyani?"

"Kuti panali kusamvetsetsana."

"Kusamvetsetsana."

"Tamvera. Sabata ya mawa ndikukumana ndi a masitolo, kukapempha shelefu ina ya Khirisimasi. Akamva kuti chinsinsi tinachipereka tokha, ndi manja athu, atiseka m'dziko lonse lino. Palibe adzatipatsenso malo. Floris achoka mwakachetechete pakutha pa mwezi, tidzati wapeza ntchito kwina. Iwe udziwa, ine ndidziwa. Sizokwanira?"

"Iye achoka ngati munthu wopeza ntchito kwina. Ine ndibwerera ngati wakuba amene anamukhululukira."

"Anthu amaiwala, Harm."

"Muno m'tauni? Mpaka lero akunenabe za mlonda uja anaba njinga mu 1990, ndipo njingayo inapezeka m'ngalande." Anavala chipewa. "Mwakhala chaka chonse mukulipira munthu kuti akonze zomwe anthu amaganiza akaona bisiketi. Ine ndili ndi dzina limodzi, mayi, ndipo lilibe chitini china cholowamo."

"Ukupita kuti?"

Harm anatsika masitepe pang'onopang'ono, bondo lakumanzere likuwawa. Anadutsa mauvuni, anadutsa matumba a ufa, anthu akumuyang'ana cham'mbali n'kubweza maso msanga. Pa chipilala cha pakati pa holo panali batani lofiira loimitsira makina onse, loti munthu amalikhudza pokhapokha dzanja la wina likakodwa. Zaka makumi anayi ndi chimodzi Harm anali asanalikhudzepo. Analikanikiza ndi chikhatho chonse.

Lamba anaima. Mabisiketi anaunjikana pakamwa pa uvuni n'kuyamba kugwera pansi. Phokoso linazilala mpaka kunangotsala kulira kwa mafani a kudenga. Anthu makumi anayi, tizipewa toyera kumutu, anatembenuka.

"Palibe wavulala," anatero Harm. "Mayi Wubbema ali ndi mawu."

Mayiwo anali ataima pamwamba pa masitepe, dzanja lili pa chitsulo chogwirira. Anayang'ana mabisiketi omwe ankapserera mu uvuni, anayang'ana chitseko cha ofesi ya Floris, kenako anayang'ana Harm, nthawi ino m'maso. Harm sanasunthe, ndipo dzanja sanalichotse pa batani. Mayiwo anayamba kutsika, sitepe imodzi imodzi, mpaka anafika pa simenti. Anatsegula pakamwa, mawu anatuluka ochepa mphamvu.

"Kwezani mawu, mayi," anatero Harm. "Geesje khutu lakumanzere silimva."